Apongozi Anga ndi Kamchira Kosokoneza Kwaya

Apongozi anga aamuna anabwera kudzakhala nafe chaka chimene apongozi aakazi anatisiya. Anafika ndi sutikesi yakale ndi katoni yolemera moti amuna anga poinyamula anafunsa kuti, "Kodi Bambo, mwalongezamo njerwa?" Munalibe njerwa. Munali mawaya, timisomali ta wailesi m'mabotolo a mankhwala, chitsulo chowotcherera, ndi mulu wa mapepala a nyimbo za kwaya womangidwa ndi mphira.

Anthu a mumsewu umene ankagwirako ntchito ankawatchula kuti a Mawaya. Moyo wawo wonse ankakonza mawailesi m'kachipinda ka pansi pa masitepe a sitolo ina yogulitsa penti ndi maloko. Kachipindako kanali kotsika moti munthu wamtali ankalowa chowerama, ndipo iwo ankati n'chifukwa chake makasitomala awo onse anali aulemu. Kenako mawailesi anayamba kuchepa. Anthu anayamba kumvera nkhani pafoni, ndipo za m'kati mwa foni n'zazing'ono ngati mchenga. Maso awo anali atayamba kuchita nkhungu, dzanja lamanja litayamba kunjenjemera. Anatseka kachipinda kaja osadandaulira munthu.

Chimene sanasiye ndi kwaya. Ankaphunzitsa kwaya ya kutchalitchi kuyambira amuna anga ali khanda, ndipo atasamukira kwathu sipanapite nthawi, kwaya ya kuno inawanunkhiza n'kuwapatsa ntchito yomweyo.

Ine ndine mphunzitsi wa sayansi kusekondale. Masiku oyambirira ine ndi iwo tinkangopatsana moni n'kupatukirana m'khonde ngati magalimoto pa mlatho wopapatiza. Iwo ankanditchula kuti apongozi, ine n'kumati Bambo, nkhani n'kuthera pomwepo. Tsiku lonse ankakhala pa tebulo lodyera, mbali ya kuwindo, akukopera nyimbo pamanja. Asopulano pepala lawo, aalito lawo, atena ndi abesi chimodzimodzi. Dzanja likanjenjemera, noti ya nyimbo inkagwera pa mzere wina, iwo n'kufinya pepalalo n'kuyambiranso. Ndikamasesa ndinkapeza timipira ta mapepala pansi pa mpando wawo.

Amene anaganiza za laputopu ndi amuna anga. Iwowa amayendetsa lole ya katundu, pakhomo amangodutsapo, ndipo ndikuganiza kuti ankafuna kuwasiyira bambo awo chinthu chocheza nacho. Inali laputopu yotopa, chotsekera chake chothyoka mbali imodzi moti tinkaitsamiritsa ku chitini cha shuga. Ine ndinafufuza pa intaneti n'kupeza pulogalamu yolembera nyimbo. Umaika manotsi pa mizere, n'kulemba mawu pansi pake, ukadina batani imakuimbira ndi liwu la piyano.

Bambo anamvetsera nyimbo yawo ikutuluka m'timasipika tolira ngati udzudzu. Anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso.

"Besi ilibe mphamvu," anatero. Kenako anafunsa, "Mwaigula kuti?"

"Sindinagule, Bambo. Ndi yaulere."

"Apongozi, ine ndakula ndikuona. Munthu akamakupatsa chaulere, uziyang'ana dzanja lake linalo."

Ndinawafotokozera mmene ndinkadziwira. Ndinati pulogalamuyo ilibe kampani. Amaipanga ndi anthu ongodzipereka, wina ali dziko ili, wina dziko lina, ambiri sanaonanepo n'komwe. Malangizo onse amene amaiyendetsa, amene amawatchula kuti khodi, anawaika poyera. Aliyense angathe kuwawerenga, kutenga kope yake, kukonzapo, n'kupempha kuti zimene wakonzazo zilowe m'pulogalamu ya onse.

"Ndiye kuti ndi wailesi yopanda chotsekera kumbuyo," anatero Bambo.

"Tinene choncho."

"Nanga ana sakhudzamo?"

Iwo anaoneka kuti akondwa kuti andigwira.

Anaiphunzira ndi chala chimodzi. Poyamba ankandiitana pa chilichonse, akupepesa ngati akundidzutsa kutulo. Kenako kuitana kunachepa. Loweruka lililonse m'mawa ankapita kukasindikiza mapepala kwa mayi wa fotokope pafupi ndi siteji ya mabasi, n'kubwera atawanyamula m'fayilo ya pulasitiki pachifuwa ngati satifiketi.

Vuto linatulukira pa mawu akuti "pang'ono". Mukudziwa kachizindikiro kaja kamene timaika pamwamba tikalemba ng'ombe kapena ng'oma. Bambo ankakatchula kuti kamchira. Pulogalamuyo ikangoona kamchira, inkaganiza kuti mawu athera pomwepo, n'kudumphira pa noti yotsatira. Ndiye "pang'ono" ankadya manotsi oposa gawo lake, mawu onse otsatira n'kukankhika, otsiriza n'kutsala panja opanda noti. Bambo sanazione pasikirini chifukwa cha maso aja. Zinaonekera ku kwaya. Ine sindinaliko, koma mtsogoleri wa aalito, mayi wina telala wosapsatira mawu, anadzandiuza yekha. Anati onse atamaliza mzere n'kukhala chete, iye amene amatsatira pepala mokhulupirika anatsala ndi kachidutswa ka mawu m'kamwa, n'kukaimba yekhayekha m'tchalitchi muli zii. Abesi anaseka mpaka wina anatuluka panja.

Bambo anabwera kunyumba nkhope itagwa. Kuyambira pamenepo, pepala lililonse likasindikizidwa ankalikonza ndi cholembera, kufufuta apa, kujambula muvi apo, ndi dzanja lonjenjemera lomwe lija. Ndipo kamchira kanasanduka ndiwo yathu. M'mawa pa tiyi kamchira, masana kamchira. Amuna anga akabwera ku ulendo, asanavule nsapato ankafunsa kuti, "Bambo, kodi mdani wanu uja akadali moyo?"

Tsiku lina ndinatopa nako. Ndinati, "Bambo, pali tsamba limene anthu amalembapo zovuta za pulogalamuyi. Eni ake amawerenga pamenepo."

"Munati ilibe eni."

"Amene amaikonzawo."

Anaganiza masiku angapo. Kenako m'mawa wina anasamba, kuvala jekete, kukhala pa tebulo n'kuyamba kulemba. Chingelezi amachidziwa bwino, chija cha m'mabuku a mawailesi, chowongoka ngati waya watsopano. Anayamba ndi kulonjera onse ogwira ntchitoyo pamodzi ndi mabanja awo. Anadzitchula dzina, zaka zawo, ntchito imene ankagwira. Anafotokoza mbiri ya kwaya. Anathokoza chifukwa cha pulogalamu yabwino. Kumapeto kwenikweni, pafupi ndi kutsanzika, ndi pamene anatchula kuti pali kavuto kakang'ono.

Ndinayesa kunena mwaulemu kuti mwina tidulepo. Iwo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Apongozi, munthu sulowa m'nyumba ya eni n'kuyamba ndi madandaulo."

Yankho linabwera tsiku lotsatira. Linali lalifupi kuposa moni wawo. Linkangoti, "Pulogalamu yanu ndi yotuluka liti? Lembani zimene munachita." Basi.

Bambo analiwerenga, kutsitsa tsamba kuti mwina pansi pali zina, kukwezanso.

"Sanandilonjere n'komwe," anatero.

Munthu ameneyo anamupatsa dzina lakuti a Mwachidule, n'kutseka laputopu. Sabata imeneyo timipira ta mapepala tinabwereranso pansi pa mpando. Ine zinandipweteka, poti ndine ndinawatumako.

Lamlungu masana ndinatsegula laputopuyo kuti ndiyang'ane zanga, n'kupeza kuti pali munthu wina wayankha. Aliyense patsambalo amakhala ndi kachithunzi pambali pa dzina lake. Ka ameneyu kanali ketulo yachikasu, koma Bambo atasuzumira anati ndi bakha, ndipo dzina linamatirira. Mpaka lero kwathu timati a Bakha.

A Bakha analonjera. Anati awerenga mbiri ya kwaya yonse ndipo yawasangalatsa, poti agogo awo nawo ankaimba besi. Kenako anafotokoza kuti amene anayankha poyamba sanafune kunyoza. Anati kuti vuto likonzeke, wokonzayo ayenera kaye kulipanga yekha pa kompyuta yake n'kuliona ndi maso. Choncho mumuuze zimene munadina motsatana, zimene mumayembekezera kuti zichitika, ndi zimene zinachitika m'malo mwake. Ndipo mutumize kanyimbo kakafupi, ka mzere umodzi, kosonyeza vutolo.

Bambo anayamba kuseka okha.

"Mukudziwa, apongozi, munthu ankabwera ndi wailesi, ukamufunsa yatani, amvekere, 'Yangosiya.' Yasiya ukutani? 'Yangosiya basi.' Unaigwetsa? Inalowa madzi? 'Ayi, yangosiya.' Ndinkapsa mtima mpaka m'makutu." Anapukusa mutu. "Ndiye inenso ndapita kwa anthu n'kukati yangosiya."

Anatsegula tsamba latsopano, kuika manotsi ochepa, kulemba "pang'ono" pansi pake, n'kufotokoza zonse mwadongosolo. Moni sanausiye, koma unachepa. Tsiku lomwelo a Mwachidule anayankha kuti aliona vutolo, ndi lenileni, n'kulimata chizindikiro chakuti likufunika kukonzedwa. Bambo anayenda m'nyumba monse akuimba mluzu.

Ankaganiza kuti pofika Loweruka zikhala zitakonzedwa. Unatha mwezi, unatha wina. Mvula inagwa n'kukata. Kamchira kali pompo. Pamapeto pake analembera a Bakha kufunsa ngati okonza aja anadwala. A Bakha anayankha kuti palibe amene analembedwa ntchito yokonza. Aliyense amatenga chimene chikumusowetsa tulo kapena chimene angakwanitse, pa nthawi imene wapeza, ndipo zovuta zimene zikudikira n'zambiri kuposa manja. Anamaliza ndi kunena kuti ngati a Mawaya akufuna, nawonso ndi manja.

"Ine?" anatero Bambo. "Wa chala chimodzi ine?"

A Bakha sanawaponye m'madzi akuya. Anawauza kuti ayambe ndi kuwerenga tsamba limene gulu linalembera alendo, lofotokoza kachitidwe ka zinthu pamenepo. Kenako ayang'ane ntchito zimene zinamatidwa chizindikiro chakuti n'zoyenera oyamba kumene. Zambiri mwa izo sizinali za khodi n'komwe. Panali imodzi yakuti buku la malangizo a pulogalamuyo, pa mutu wolemba mawu pansi pa manotsi, linali lachikale. Linkanena za batani limene linasamuka kale.

Bambo batani limenelo ankalidziwa, poti linawazunzapo. Analemba pansi pa ntchitoyo kuti aitenga, monga tsamba la alendo linanenera, kuti wina asaigwirenso. Kenako anayamba kuphunzira kutenga kope yawo ya bukulo, kusinthamo, ndi kutumiza pempho. Zimenezi ngakhale ine sindinkazidziwa. Ndikaweruka kusukulu tinkakhala limodzi pa tebulo paja, ine ndikuwerenga mokweza, iwo akudina. Mpando wanga, umene poyamba unkakhala kumapeto enawo, unasendera wokha.

Loweruka lina m'mawa ndikuchapa kuseri, ndinamva kutsokomola kumbuyo kwanga. Anali Bambo, atavala jekete ndi tayi, chipewa chili m'manja.

"Apongozi, tasiyani kaye. Ndapalamula."

Ndinaganiza za ngozi, za amuna anga ali pamsewu.

"Ndaphwanya zinthu za eni," anatero. "Ndimafuna kuchotsa chithunzi chimodzi chakale. Sindikudziwa kuti chala chinapita kuti. Buku lonse lapita. Lonse. Ndiye m'malo moti ndiime, ndadina kutumiza."

Ndinapukuta manja n'kuthamangira kutebulo. Sikirini inalidi yofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi, mizere yofufutidwa yosatha.

"Ndipo mawa ndi Lamlungu," anatero. "Makwaya a dziko lonse lapansi. Wina atsegula kuti aone malangizo, apeza mbee. Adzafunsa kuti wachita ndani, dzina langa lili pamenepo. Tandifufuzirani kumene kuli ofesi yawo. Zoterezi munthu amakapepesa pamaso."

Apa m'pamene ndinamvetsa za tayi. Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, chifukwa mkuluyo anali pafupi kugwetsa misozi. Ndinatsegula buku la malangizo pafoni yanga n'kuwaonetsa kuti lilipo bwinobwino. Iwo anati mwina kuwonongekako kukadali m'njira, sikunafike. Tiyi anakana. Tinalembera a Bakha, iwo n'kukhala pampando chipewa chili pa bondo, ngati munthu wodikira kuitanidwa kubwalo la milandu.

Yankho linafika dzuwa lili pamutu. A Bakha anati choyamba apume. Anati chimene chafufutika ndi kope ya a Mawaya yokha, ya wina aliyense sinakhudzidwe. Palibe chimene chimalowa m'pulogalamu ya onse munthu wina asanachione n'kuvomereza. Ndipo ngakhale m'kope yawoyo palibe chatayika, chifukwa makina amasunga mmene zinthu zinalili pa sitepe iliyonse. Anawapatsa mawu ochepa oti alembe. Bambo analemba ndi chala chija, pang'onopang'ono, akutchula chilembo chilichonse. Kufiira konse kunachoka. A Bakha anawonjezera kuti iwo eni anachitapo zomwezi chaka chawo choyamba, ndipo anatuluka thukuta lofanana.

Bambo anamasula tayi, kuipinda, kuika pa tebulo.

"Ndiye kuti anthu amenewa anadziwiratu kuti kudzabwera anthu ngati ine," anatero. "Tandipatsani tiyi uja."

Pempho lawo loyamba linabwezedwa. Pokonza za batani lija, anaona kuti masamba oyandikana nawo ali ndi ziganizo zokhota, ndiye anawongola zonse, mpaka mitu imene sinkawakhudza. A Mwachidule analemba kuti, "Chinthu chimodzi pa pempho limodzi." Bambo anang'ung'udza kuti ukakonza wailesi supukuta mbali imodzi yokha, koma anagawa. Pempho la batani linalandiridwa. Tsiku limenelo anaimbira foni amuna anga ali pakati pa ulendo, n'kuwafotokozera mpaka amuna anga anati, "Bambo, ndafika pa apolisi a pamsewu, ndikuimbiraninso."

Kuchokera apo sanabwererenso m'mbuyo. Anapeza ntchito ina imene inawakomera kwambiri. Munthu akalemba vuto losamveka, iwo ankayesa kulipanga pa laputopu yathu, akalipeza n'kulemba mwadongosolo kuti okonza asataye nthawi. Wina akatumiza chokonza, iwo ankachiyesa ndi nyimbo zawo n'kunena ngati chagwira. Laputopu yathu inali yofooka kuposa ya aliyense pagululo, ndipo zimenezo zinasanduka phindu. Anthu ankati tiyeni tione ngati ziyenda pa makina a a Mawaya.

Koma kamchira sanakaiwale. Patapita nthawi anauza a Bakha kuti akufuna kusuzumira m'khodi. A Bakha anawalozera foda imene munali zokhudza mawu a nyimbo, n'kuwauza kuti asayese kumvetsa zonse, angotsatira kumene chilembo chimapita munthu akachidina. Anakhala pamenepo masabata ambiri, zilembo atazikuza moti mzere umodzi unkadzaza sikirini. Zambiri sankazimva, ankangofunsa. Safunsa anadya phula, ankatero, n'kufunsanso. Tsiku lina ndikulowa kuchokera kusukulu anandikodola n'kuloza pasikirini. Unali mzere umene unatchula zizindikiro zodula mawu, ndipo pakati pake kamchira kanali phee, ngati mbala yobisala m'gulu la anthu opita kumsika.

Anakachotsa pamzerewo. "Pang'ono" anakhala bwinobwino pansi pa manotsi ake. Anatumiza pempho mtima uli m'mwamba.

Patangopita kanthawi, pa pempholo panatuluka mtanda wofiira. Gululo lili ndi mayeso amene makina amadziyendetsera okha chinthu chilichonse chikasinthidwa, ndipo ena analephera. A Mwachidule analemba kuti, "Izi ziphwanya za ena. Onani mayeso." Zinapezeka kuti kuli chilankhulo china kumene kamchira komweko kamagwira ntchito ina, ndipo oimba akumeneko amafunadi kuti kazidula mawu. Kanaikidwa pamzerepo ndi cholinga. Bambo pokonza zathu anali atawononga za anzathu.

Zinawapweteka. Anati a Mwachidule anawada kuyambira tsiku loyamba, ndipo munthu wosadziwa moni sangadziwe chifundo. Mpaka analembera a Bakha pambali kudandaula.

A Bakha anayankha modekha. Anati a Mwachidule ndi mzimayi, amagwira ntchito yoyeza magazi kuchipatala china, ndipo kunyumba akusamalira mayi awo amene sadzuka pabedi. Zimenezi a Mwachidule anazinena okha pagulu nthawi ina popepesa kuti azichedwa kuyankha. Mapempho onsewo amawaona pa nthawi yopuma masana, foni ku dzanja limodzi, chakudya ku linalo. Ngati amalemba mawu ochepa, n'chifukwa chakuti nthawi yawo imathera pomwepo.

Ndinawerenga uthengawo mokweza chifukwa maso a Bambo anali atatopa. Nditamaliza anayang'ana kuwindo. Iwowa anadwazika akazi awo nthawi yaitali, kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwamwetsa ndi supuni, osalola kuti wina awalandire. Zimenezi pakhomo pathu sitinkazikamba.

"Munthu wotero," anatero pamapeto pake, "ine n'kumutumizira mbiri ya kwaya."

Uthenga umene analembera a Mwachidule tsiku limenelo unali waufupi kuposa uliwonse umene analembapo. Anati aona cholakwa chawo, n'kufunsa njira imene angatsate. Anauwerenga kangapo, akuchotsa mawu, ngati munthu wosankha miyala mu mpunga. Ndinaona kuti moni anaulemba, kuufufuta, kuulembanso mwa mawu amodzi, n'kuusiya.

A Mwachidule anawauza kuti kamchira kasachotsedwe, koma pulogalamu iziyang'ana chimene chatsatira. Anawauzanso kuti alembe mayeso awo, okhala ndi mawu a chilankhulo chathu, kuti mtsogolo wina akadzasintha zinthu makina adzakuwe. Zinatenga nthawi. Pempholo linapita n'kubwerera, kupita n'kubwerera, mtanda wofiira ukutuluka pena, Bambo akuusa moyo n'kuyambiranso. Mbali ina imene inawakanika anailemba ndi wophunzira wina wa kudziko lakutali amene anangodutsa n'kuona kuti angathandize. Bambo anaumirira kuti dzina la ameneyo lilembedwe patsogolo pa lawo.

Tsiku limene mayeso onse anadutsa, zonse n'kusanduka zobiriwira, a Mwachidule analandira pempholo n'kulemba kuti, "Zikomo. Mwagwira ntchito." Bambo anakhala akuyang'ana mawuwo ngati kalata ya masamba ambiri.

Pulogalamu yatsopano itatuluka, anasindikizanso nyimbo yonse ija n'kupita nayo ku kwaya yopanda muvi ngakhale umodzi. Telala uja anandipeza kumsika n'kundiuza kuti apongozi anga amulanda ntchito, poti ndi malo okhawo amene ankaimbapo yekha.

Masiku ano munthu watsopano akalemba patsamba lija koyamba, nthawi zambiri woyamba kumuyankha amakhala a Mawaya. Gulu linawapempha kuti azichita zimenezo. Wina amabwera ndi mkwiyo, zilembo zonse zikuluzikulu, kuti pulogalamuyi ndi zinyalala. Wina amabwera mwamanyazi kufunsa ngati munthu wosadziwa khodi angathandize chilichonse. Iwo onsewo amawalandira mofanana, n'kuwalozera pa kantchito kolingana ndi msinkhu wawo. Mtsikana wina woimba vayolini anamuyendetsa kuyambira pa kukonza chilembo chimodzi m'buku, lero akukonza zinthu zimene Bambo eni amati sakuzimva ngakhale mutu wake. Amamunyadira ngati mdzukulu.

Mwezi wathawu kunabwera alamu anga, mchemwali wawo wa amuna anga. Anati nafenso ndife ana, Bambo akakhaleko kwathu miyezi ingapo, adzukulu awadziwe. Zinali zoona, palibe akanatsutsa. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa funso limodzi lokha.

"Kodi kwanuko netiweki imagwira?"

"Imagwira, Bambo."

"Imagwira ya moni, kapena imagwira ya ntchito?"

Alamu anandiyang'ana ine ngati ndine ndinawalodza bambo awo. Mapeto ake Bambo anavomera, ndipo ndinawalongedzera sutikesi, laputopu n'kuikulunga m'thaulo. Galimoto itachoka ndinalowa m'nyumba n'kuyamba kupukuta tebulo limene linali loyera kale.

Bambo anaimba foni patapita masiku ochepa, ndili m'chipinda cha aphunzitsi. Anati afika bwino, adzukulu ndi aphokoso koma abwino. Anati m'nyumba netiweki ndi yabodza, koma aipeza kuseri, pafupi ndi thanki ya madzi, ndipo alamu awaikira mpando ndi ambulera pamenepo. Anthu oyandikana nawo akuganiza kuti ndi mlonda wa thanki.

"Koma chimene ndaimbira ndi ichi, apongozi. Kusukulu kwanuko kuli makompyuta a mtundu wina uja, eti? Pali munthu walemba kuti pulogalamu ikumazima akatsegula nyimbo yaitali, koma pa laputopu yangayi sizikuchitika. Ndikutumizirani fayilo. Mukapeza mpata mukaitsegule kumeneko, mundiuze chimene chichitike."

Ndinati ndili ndi kalasi posachedwa.

"Ana aphunzire kaye, izi sizithawa," anatero. "Koma mukakatsegula muyang'anitsitse. Ikazima, muone ngati yazima musanadine kapena mutadina."

Belu litalira ndinapita kukaphunzitsa. Nditaweruka ndinakapempha kiyi wa chipinda cha makompyuta.